Kanema Amene Sanafike Padoko

Kuseri kwa msika wa pa Chiringa kunali chinyumba cha malata akale chimene anthu ankangochitchula kuti kwa Stafford. M'katimo munali mabenchi a bulugamu, tivi yokhazikidwa pamwamba pa mgolo, ndi deki yoonetsera matepi. Kunja kunali jenereta imene inkatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Mwini wake, Stafford Namakhwa, ankaonetsa makanema a nkhondo ndi a karate, pomwe mkazi wake Fyness ankakhala pakhomo kulowetsa anthu uku akugulitsa zitumbuwa. Oonerawo sankamva chiyankhulo cha m'makanemamo, choncho Stafford ankaima pambali pa tivi n'kumamasulira. Nayenso sankamva zonse. Pamene sanamve ankapeka, ndipo zopeka zakezo kawirikawiri zinkakoma kuposa nkhani ya eni ake.

Chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri, mlamu wake anabwera kuchokera ku Joni atanyamula kamera yaikulu yokoleka paphewa. Anaigula mwachibwana, ndipo inamukanika.

"Alamu, inu mumatha kunama anthu n'kumaomba m'manja," anatero mlamuyo. "Tengani chinthuchi, bodza lanulo likhale ndi nkhope."

Stafford sanachedwe. Anasonkhanitsa anzake a zisudzo za kutchalitchi n'kujambula kanema wa munthu wakuba njinga ya abusa, mumsika momwemo. Analibe makina odulira ndi kulumikiza zithunzi, motero ankajambula nkhani motsatana, chiyambi mpaka mapeto, pa tepi imodzi. Tsiku loonetsa, chinyumba chija chinatsala pang'ono kung'ambika. Amayi analuluta ataona madengu awo a tomato pa tivi. Mkulu wina wosoka nsapato atadziona anavula chipewa n'kudzipatsa moni. Anthu anayenda pansi kuchokera ku Nazombe kudzaona chodabwitsacho, ndipo kuyambira pamenepo Stafford anayamba kutchedwa a Dayirekita.

Kanema wachiwiri anafuna kuti akhale wolemera, wogwetsa misozi. Mvula ya chaka chotsatira itatha, anapalasa njinga kupita kudoko la Swang'oma, ku nyanja ya Chilwa, kukafuna msodzi weniweni. Kumeneko anapeza Goliati. Dzinali linali lonyenga, chifukwa mwini wake anali kamunthu kakafupi, kowonda ngati nsungwi imene ankakankhira bwato. Koma nkhope yake inkalankhula asanatsegule pakamwa. Akaseka, doko lonse linkaseka. Akayang'ana kutali pamadzi, ngakhale ogula matemba ankatsitsa mawu.

Nkhani yake inali ya msodzi wosochera ndi mwera, amene mudzi wonse unamulira maliro, koma mkazi wake n'kukana kumeta, namapita padoko m'mawa uliwonse kukadikira. Mkaziyo anasewera Enelesi, mkazi wa Goliati weniweni, amene panthawiyo anali woyembekezera mwana wawo woyamba. Poyamba ankachita manyazi n'kumabisa nkhope m'chitenje, koma Goliati ankamuseketsa mu Chilomwe mpaka anazolowera. Anajambula Goliati akuimba pokankha bwato pakati pa mabango, akusoka ukonde, akutsanzikana ndi mkazi wake. Anajambula mphepo, maliro, ndi kudikira kuja. Chimene chinatsala chinali chinthu chimodzi chokha: bwato kutulukira patali, Enelesi kuthamangira m'madzi, Goliati kutsika ali moyo. Tsiku limenelo mabatire a kamera anatha.

"Ndikatchaje ku Chiringa, ndibwera Loweruka," anatero Stafford. "Musamete ndevu, achimwene. Munthu wosochera sabwera atameta."

Loweruka lisanakwane, akusewera ndi kamera pakhomo pake, Stafford anatulukira kanthu. Akajambula munthu ataimirira, n'kuimitsa kamera, munthuyo n'kuchoka, kenaka n'kupitiriza kujambula, pa tivi munthuyo ankazimirira ngati mfiti. Anayesa ndi mbuzi, anayesa ndi mtondo, anayesa ndi Fyness. Mutu wake unadzaza. Sabata yomweyo anayamba kanema wa mfiti youluka pa lichero. Ali pakati pa ameneyo, anyamata ena ophunzira karate kuseri kwa sukulu anamuonetsa mmene amadumphira, ndipo iye anapeza kuti madzi a chidede akawiritsidwa amaoneka ngati magazi enieni. Mfiti ija anaisiya m'malere, isanatere pansi. Karate isanafike patali, anaganiza za kanema wa napolo amene anakokolola midzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi. Anaumba tinyumba tadothi pamphepete mwa chulu, n'kumathira matope a mumgolo, kamera ataigoneka pansi kuti tinyumbato tioneke tatikulu. Zinkaoneka zoopsadi. Koma anthu amene anataya abale pa tsokalo anakana kusewera, ndipo iye anabwerera ku karate.

Luso linalipo, palibe ankatsutsa. Aliyense wofika pamalo ake ankauzidwa za makanema amene akubwera: wa mfiti, wa karate, wa napolo, wina wa asilikali othawa nkhondo ku Mozambique, winanso wa chikondi cha mphunzitsi ndi namwino. Akamafotokoza, maso ake ankawala, manja akujambula zithunzi mumlengalenga, ndipo omvera ankachita ngati aonera kale.

"Bambo a Dyson," anatero Fyness tsiku lina akuchapa mbale, "miphika inayi pamafuwa atatu, ipsa iti? Anthu a kunyanja aja akudikira."

"Nyanja ilipo, Goliati alipo," anayankha Stafford. "Koma nzeru ikabwera suigwira mwendo n'kunena kuti dikira. Iwe za luso suzidziwa."

Mwezi wa Ogasiti, Goliati anafika yekha pa Chiringa, pa njinga yobwereka, ndevu zitafika pachifuwa.

"A Dayirekita, madzi akuthawa," anatero atakhala pabenchi. "Pamene tinajambula paja pano pakuyenda ng'ombe. Bwato tikulikoka mtunda wautali kuti tipeze pokwerera. Ndili mwana nyanjayi inaumapo, ndipo inayamba chonchi. Tiyeni tikamalize. N'kanthu ka m'mawa umodzi."

"Achimwene, nyanja si chithaphwi," anaseka Stafford. "Ndimalize kaye nkhondo ya anyamatawa, mwezi wamawa ndafika. Mwana anabadwa?"

"Wamkazi. Tamutcha Aliness."

"Eya! Ameneyo adzakula akuonera bambo ake pa tivi."

Goliati anamwetulira, koma kumwetulira kwake sikunafike m'maso. Anagula mchere ndi sopo mumsika n'kubwerera.

Matepi opanda kanthu ankapezeka ku Limbe kokha. M'mawa wina anyamata a karate anafika atamanga nsalu pamutu, chidede chitawira, dzuwa lili bwino, koma m'bokosi munalibe tepi yatsopano. Stafford anatembenuza bokosilo kawiri. Dzanja lake linagwera pa tepi ya kunyanja.

"Imeneyo ayi," anatero Fyness.

"Zijazi ndinajambula ndisanadziwe zambiri. Kamera inkagwedezeka, mawu ankamveka mphepo yokhayokha. Ndikapita ndikayambiranso zonse, zidzakoma kuposa apa."

"Mukayambiranso liti? Enelesi anali ndi pakati, pano ali ndi mwana kumsana. Zimene zili mmenemo sizidzabweranso."

"Mayi, dzuwa likupita."

Anaibweza tepiyo mpaka pafupi ndi poyambira, n'kuiponya m'kamera, n'kutuluka.

Kunyanja anapitako mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Atafika pa Swang'oma anatsika njinga n'kuima kukamwa kuli yasa. Madzi kunalibe. Kunali chigwa cha dothi long'ambikang'ambika ngati chidendene cha mlimi, chofika mpaka pamene maso amalekezera. Mabwato anali gadagada, ena atang'aluka ndi dzuwa. Anthu ankapalasa njinga pamene kale ankaponya maukonde. Anafunsa za Goliati kwa mayi wina amene ankatola nkhuni za misasa yogumuka.

"Asodzi onse anabalalika," anatero mayiyo. "A Goliati anatenga banja lawo kupita ku nyanja ya Malombe, kumene kukadali nsomba. Anakudikiranitu. Ndevu zija anameta tsiku lonyamuka."

Stafford anakweza kamera kuti ajambule chigwacho, poganiza kuti apanso pali kanema wina. Koma anaitsitsa osajambula kanthu.

Chaka chotsatira kunamveka uthenga woti Goliati anamwalira ndi kolera kumsasa wa asodzi, ndipo anaikidwa konko, kutali ndi kwawo. Stafford anakhala masiku angapo osagwira kamera. Kenaka anadzitonthoza kuti nyanja ikabwerera adzapeza msodzi wina. Nyanja inabwereradi, matemba anayambanso kununkha m'misika, koma nkhope ngati ija sinapezeke. Anyamata a karate nawo anabalalika, wina kukakwatira, wina kukagwira ntchito kuminda ya tiyi.

Wailesi ya kanema itatsegulidwa ku Blantyre, anthu okonza mapulogalamu anayamba kusakasaka makanema opangidwa m'dziko momwe muno. Mnyamata wina wa kampani yaing'ono, dzina lake Cornelius, anamva mbiri ya Dayirekita wa ku Phalombe ndipo anakwera matola mpaka pa Chiringa. Stafford anamulandira ngati mvula. Anamuonetsa mfiti ikuzimirira, tinyumba tikukokoloka, magazi a chidede. Cornelius ankagwedeza mutu mogoma.

"Akulu, ndi kamera imodzi yomweyi? Anthu a ku tauni sangakhulupirire. Tsono wathunthu ndi uti, woti ndinyamule lero?"

Stafford anatulutsa wa njinga ya abusa. Tepiyo inali itaonetsedwa kambirimbiri mwakuti pa tivi pankangooneka mizere ndi mithunzi.

"Nanga wina?"

"Pali amene ndikukonza. Wa asilikali, ndi wa namwino..."

"Anthu saonera zimene zikukonzedwa, akulu," anatero Cornelius mwaulemu. "Mukamaliza mmodzi mudzandipeze."

Ananyamuka ndi galimoto ya masana.

Patapita miyezi ingapo, Fyness akusesa pakhomo pa chinyumba chija, anaona mayi wowonda ataima ndi kamtsikana kovala diresi lachikasu. Anali Enelesi. Anali atabwerera kwa makolo ake ku Nazombe, kumene ankalima chinangwa. Atapatsana moni, Stafford anatuluka n'kumuzindikira.

"Alamu, sindinabwerere zambiri," anatero Enelesi. "Mwanayu wayamba kufunsa kuti bambo ake ankaoneka bwanji. Chithunzi tilibe, ngakhale chimodzi. Ndamuuza kuti kuli akulu ena pa Chiringa amene anawasunga m'makina. Ngakhale kanemayo sanathe, angoona nkhope basi. Amve ndi mawu awo."

Stafford anayang'ana Fyness. Fyness anayang'ana tsache. Kenaka Stafford anatembenuka. Analiza jenereta, anafufuza m'bokosi, n'kulowetsa tepi ija m'deki. Mayi ndi mwana anakhala pabenchi lakutsogolo, m'chinyumba chopanda munthu wina.

Pa tivi panaoneka madzi, ochuluka, onyezimira. Kenaka mabango. Kenaka bwato likubwera chapatali, munthu wamfupi ataimirira kumbuyo kwake, akukankha ndi nsungwi atafulatira kamera. Nyimbo yake inkamveka pang'ono pansi pa mphepo.

"Ndi amenewo," ananong'ona Enelesi, atagwira phewa la mwanayo. "Yang'anitsitsa, akuyandikira."

Bwato linayandikira. Munthuyo anayamba kutembenuza mutu. Pomwepo chithunzi chinanjenjemera, chinang'ambika, ndipo panatulukira anyamata awiri akumenyana mateche kuseri kwa sukulu, wina akulavula madzi ofiira.

"Amayi, bambo anga ndi ati pamenepa?" anafunsa Aliness.

Stafford anathamangitsa tepiyo kutsogolo, anaibweza, anaithamangitsanso. Karate inapitirira mpaka pamene panali maliro a m'kanema muja. Chotsala chinali Enelesi yekha, ali ndi pakati, ataima padoko kuyang'ana pamadzi opanda bwato. Kenaka tepi inatha.

"Ndinafufuta ndine, alamu," anatero Stafford, mawu akutuluka ngati a munthu wodwala. "Ndinkati ndidzajambulanso."

Enelesi sanakalipe, ndipo mwina kukanakhala kupepuka akanakalipa. Anangopempha kuti abwezenso poyamba paja. Anaonera msana wa mwamuna wake katatu. Atatha anaimirira, anamanga chitenje, n'kugwira mwana dzanja.

"Waona mmene ankaimira pabwato?" anauza mwanayo akutuluka. "Nkhope ndidzakufotokozera kunyumba."

Stafford anakhalabe pa Chiringa zaka zambiri. Kamera ija inakalamba naye, akujambula maukwati ndi zinkhoswe, ntchito imene mwini wake amakuuza poyambira ndi pothera. Achinyamata amene anayamba m'mbuyo mwake, ena aluso losafika ndi theka la lake, anatulutsa makanema awo n'kutchuka. Wina akamufunsa kuti, "A Dayirekita, chikubwera n'chiyani?" iye ankangopukusa mutu n'kusintha nkhani. Mphatso anapatsidwa yodzaza manja, koma nthambi iliyonse imene anaigwira ankaitaya ataona ina yobiriwira patsogolo, mpaka anatsala manja ali m'malere, atagwetsanso ndi chimene sichinali chake chokha. Pajatu akuluakulu anati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.