A Gwatidzo ndi Nkhungu ya pa Nyangani

Chibayo chitawasiya a Gwatidzo, chinawasiyira mlonda. Mlondayo anali mkazi wawo, amai a Farisai. Bambo akati apite kumunda wa kachewere, mayi ali pambuyo ndi chipewa. Akati akaone ng'ombe kudambo, mayi ali pambuyo ndi jekete. Ngakhale kuchimbudzi, akangochedwako pang'ono, ankamva kukhosomola kwaulemu panja.

Musawaseke amai a Farisai. Amene anamvapo mwamuna wake akupuma ngati chitseko chadzimbiri sagonanso tulo tathunthu. Kuno ku Nyanga mphepo imalowa m'nthiti ngati singano, ndipo yatenga anthu onenepa kuposa a Gwatidzo.

Koma mwamuna akasungidwa ngati dzira, mtima umayamba kumuwawa. Tsiku lina m'mawa, akumwa tiyi pakhonde, a Gwatidzo anayang'ana phiri la Nyangani, limene anabadwira m'tsinde mwake n'kumera imvi osalikwerapo.

"Loweruka ndikukwera," anatero. "Ndikaime pamwamba penipeni, kuti mudziwe kuti sindinafe."

"Bambo a Farisai, phiri lija limameza anthu."

"Limameza alendo osamva."

"Ndiye mupite ndi asahwira anu. Apo ayi ndibisa nsapato."

Sahwira wawoyo anali a Rwodzi, mnzawo wa paubwana, amene mwambo unawapatsa ntchito yodzawasambitsa ndi kuwaika m'manda tsiku likadzakwana. Munthu wotere akhoza kukunena chilichonse, iwe osakwiya. Atamva nkhaniyo, a Rwodzi anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Iwe Shumba," anatero powatchula mfunda wawo wotanthauza mkango, "mkango wanji wotha mano? Ngati wafuna kufa, fera pafupi pano. Msana wangawu sungatsitse mtembo kuphiri."

"Wakuitana ndani? Ndikwera ndekha."

"Ndibwera basi. Ndikaone pogwera pako, ndisadzavutike kufunafuna."

Loweruka kunacha bwino, kumwamba kuli mbee. Patsinde pa njira anapeza mlonda wa paki ndi alendo angapo a ku Mutare. Mlondayo anabwereza zimene mwana aliyense wa kuno amayamwa ndi bere: paphiri ili saloza chala, ukaona chachilendo sunena, susiya anzako, ndipo nkhungu ikabwera umakhala pansi pomwepo.

Ananyamuka. Njira inali yothina ndi yokwera ngati makwerero a nkhokwe, koma a Gwatidzo miyendo inawakumbukira unyamata. Ankamva chifuwa chikutseguka ngati zenera. Pakamtsinje anagwada n'kumwa madzi ozizira mpaka mano kuwawa, kenako anayambitsa nyimbo imene ankaimba poweta ng'ombe. A Rwodzi anaivomera ali wefuwefu pambuyo, chifukwa ndiwo anasenzetsedwa chikwama cha amai a Farisai: tiyi wa m'fulasiki, chigumu cha kuno chotchedwa chimodho chophika m'mawa womwewo, ndi bulangete lofiira.

Chinawaonongera chimwemwe a Gwatidzo chinali chifundo cha anthu. Pamwala uliwonse, mlendo wina ankatambasula dzanja ngati kwa agogo ake. "Gwirani apa, sekuru." Pamthunzi uliwonse a Rwodzi ankati, "Puma, mtembo wanga, usandionongekere panjira." Atamaliza chikweza n'kufika pachidikha cha udzu, gulu linakhala pansi kuti lidye. A Gwatidzo anati akupita kuseri kwa mwala.

Munthu akati akupita kuseri kwa mwala koma watenga ndodo ndi chipewa chomwe, muzimuyang'anitsitsa.

Atangobisika, anathamangira njira ya kunsonga. Panalibe wowagwira mkono, panalibe wowauza kuti pumani. Mphepo inkaweramitsa udzu, timbalame tikudumpha m'maluwa, ndipo a Gwatidzo anaseka okha ngati mwana wothawa kusamba. Nsonga ankaiona apo, mulu wa miyala wakuda.

Nkhungu ya pa Nyangani siodira. Inakwera kuchokera kum'mawa, ndipo munthu asanameze malovu, nsonga ija panalibe, dzuwa panalibe, ngakhale mapeto a ndodo yawo panalibe. Apa m'pamene munthu amakhala pansi. A Gwatidzo anati, "Patsala pafupi," napitiriza. Miyala yosonyeza njira inawasowa. Mwendo unatitimira m'chithaphwi, ndipo pouzula nsapato inatsalira momwemo. Anayendabe chotsimphina, sokosi ili chonyowa, mpaka chifuwa chija chinadzuka n'kuyamba kuwakhosomoletsa. Kenako anamva mphepo ikuwaomba kuchokera pansi, osati m'mbali. Mphepo yotere sichokera pabwino. Anakhala pansi pomwepo. Kuitana anafuna, koma manyazi anawatseka pakamwa, komanso ndani amakuwa paphiri la eni ake?

Ali chikhalire, anaona chinthu m'nkhungumo. Chinali chachitali, chofiirira, chopanda mutu, chopanda manja. Chinabwera pang'onopang'ono n'kuima chapambali pawo.

A Gwatidzo anagwetsa maso pansi, navula chipewa, nayamba kuomba m'manja mwaulemu monga amachitira amuna a kuno pamaso pa akuluakulu.

"Eni phiri, ndine mwana wanu, Shumba wa kumunsi kuno. Chala sindinaloze. Sindinaone kanthu. Ngakhale panopa sindikuona kanthu."

Chinthucho chinali chete.

"Ndipereka tambala."

Chete.

"Mbuzi. Yakuda ija."

Pamenepo panamveka mawu okhala ngati akuchokera m'mtsuko. "Yakuda ija ndi yowonda. Tikufuna yamawanga."

Manja a Gwatidzo anaima m'malere. "Mzimu wodziwa khola langa chonchi ulipo umodzi wokha," anatero, "ndipo umadya kwathu Lamlungu lililonse."

A Rwodzi anavundukula bulangete kumutu, phwete likuwatuluka m'mphuno. Koma kusekako sikunatalike. Anawagwira mnzawo pakolala ya jekete ndi mphamvu imene sinali ya nthabwala.

"Usaimirire. Bwerera cham'mbuyo ndi matako. Bwerera. Bwereranso."

Atafika patsinde pa mwala waukulu, anafunda bulangete limodzi, mapewa atagundana. A Rwodzi anathira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki, nabenthula chimodho, chachikulu n'kupatsa mnzawo.

"Wandipeza bwanji?"

"Utangonyamula ndodo ndinamutsina mlonda n'kukutsata. Nkhungu itagwa ndinakwawa kulondola chifuwa chakocho. Chimamveka mpaka ku Mutare."

"Ndiye bwanji osayankhula msanga? Mtima ukanandiphulika."

"Ndinaona wakhala pansi, ndinati uyu sakupitanso kwina. Zaka zonsezi sunandiomberepo m'manja. Ndikanautaya mwayi wotero?"

Anakhala choncho, akumwa mosinthana, akukangana za mbuzi. Kenako nkhungu inang'ambika pakati ngati nsalu yakutha. Patsogolo pa malo amene a Gwatidzo anakhala poyamba, udzu unkathera m'malere. Pansi, kutali kwambiri, panali chigwa cha Honde, minda ya tiyi ndi nthochi itayalidwa ngati mphasa zobiriwira, nyumba zikuoneka ngati njere za mapira.

A Gwatidzo anayang'ana phompho lija kwa nthawi. 

"Ndikanapita," anatero motsitsa mawu.

"Ukanapita. Ndiye ine ndikanasambitsa chiyani? Chipewa?"

Wezulo ya mlonda inalira chakumadzulo, ndipo a Rwodzi anayankha ndi likhweru. Mlondayo atafika ndi alendo aja, anawadzudzula a Gwatidzo ndi mawu ochepa koma olemera, iwo ali zyoli. A Rwodzi anapisa mkono m'chithaphwi chija n'kuvuula nsapato itadzaza matope. Mlonda anayang'ana kumwamba mbali zonse, nati, "Kwayera. Nsonga ndi iyo. Koma madala awirinu mugwirane, ndizikuonani."

Anagwirana. Pokwera miyala yomaliza a Gwatidzo ndiwo anatambasula dzanja okha, ndipo a Rwodzi anawakoka. Pamwala wotsatira a Rwodzi mpweya unawathera, a Gwatidzo n'kuwakoka.

Pamwamba dziko lonse linali pansi pa mapazi awo. Mitambo inkayenda m'munsi ngati nkhosa, mapiri a ku Mozambiki atandandalika mpaka kumene maso amalekera. A Gwatidzo anakoka mpweya wodzaza chifuwa, ndipo sanakhosomole. Anavina pang'ono pomwepo, nsapato yamatope ikulira fwatafwata, alendo akuwaombera m'manja. Kenako anaona kadenga kakung'anima kutali kumunsi.

"Kwathu! Si uko..." Mkono unali utayamba kale kukwera. A Rwodzi anaumenya.

"Loza ndi mlomo, Shumba. Mbuzi zako zitha."

Anatsika dzuwa likupendeka, nyimbo ya ng'ombe ija ili pakamwa. Patsinde pa njira anapeza amai a Farisai ataima ndi jekete lina m'manja. Anali atapempha galimoto ya matabwa kuti iwatule pafupi, chifukwa pakhomo sipanakhalike. Anamuyang'ana mwamuna wawo kuyambira kuchipewa mpaka kuphazi.

"Nanga matopewa?"

"Mlamu," anatero a Rwodzi, "mawa mumange mbuzi yamawanga ija. Eni phiri aitanitsa, ndipo atuma ine kuti ndiwadyere."

Mayiwo sanawasamale. Maso anali pa a Gwatidzo. "Bambo a Farisai, mwafika pamwamba paja munkanena?"

A Gwatidzo anacheukira mnzawo, amene anali atakhala pamwala akusisita msana. Analandira jekete lija n'kulivala osatsutsa.

"Tafika," anatero.

Inu amene muli ndi miyendo yoyabwa, mapiri alipo ndipo ndi okoma, kakwereni. Koma nkhungu siuza munthu tsiku lake, ndipo phompho silikhala ndi mpanda. Wina akanyamula chikwama kuti akuperekezeni, musamuyese wokuchepetsani. Akale sananame: kuyenda awiri si mantha.