Manja a Sufiyani

Che Likwanya anafika pakhonde pa Shehe Amidu dzuwa litapendeka, maliro a mwana wawo Sufiyani atangopita kumene. Anali munthu womveka pa Nselema, wapampando wa komiti ya mzikiti, ndipo akalankhula panalibe wobweza. Koma tsikulo analowa pabwalo choweramira, mkanjo uli makwinya okhaokha. Anapeza shehe akusoka mphasa yokhalapo ana a madrasa.

Atapatsana salamu, Che Likwanya anakhala pansi n'kuyamba kulankhula.

"A Shehe, ndabwera ndi funso limene likundidya mumtima. Mukudziwa kuti mwana wanga anabadwa wosamva, ndipo sanatulutsepo liwu. Wapita osanena shahada, mawu ochitira umboni chikhulupiriro chathu. Kodi ameneyu Allah amulandira?"

Sufiyani anaphunzira chinenero chamanja kusukulu ya ana osamva, ndipo akakumana ndi anzake ankacheza mpaka kuseka chikhakhali. Koma pakhomo bambo ake analetsa. Ankati kulozaloza zala pamaso pa akulu ndi mwano, ndipo kukabwera alendo ankachita nazo manyazi. Achinyamata osamva atapempha kuti Lachisanu pazikhala wowamasulira ulaliki wa khutuba, amene anakana ndi Che Likwanya omwewo, amvekere mumzikiti si mochitira zisudzo. Mwanayo ankamukonda, pamenepo tisawanamizire. Ankamuveka, ankamudyetsa, koma kucheza naye sanachezepo.

"Pepani ndi zovutazi," anatero shehe. "Tandiuzani, nthawi yake itayandikira munachita chiyani?"

"Ndinatsata mwambo wathu. Ndinawerama n'kumunong'oneza shahada m'khutu, mobwerezabwereza."

"M'khutu," shehe anabwereza motsitsa.

Mawuwo atawamva kuchokera pakamwa pa munthu wina, Che Likwanya anachita manyazi. Mpaka tsikulo sanaganizepo kuti ankanong'oneza khutu limene silinamvepo ngakhale bingu.

"Nanga manja ake anali pati?"

"Ankangowakweza, a Shehe. Zala zinkayendayenda, maso ali pa ine. Ndinayesa ndi kuphupha kwa imfa. Ndinawagwira n'kuwapanikiza pachifuwa pake kuti apite mwaulemu. Anayesa kuwasolola, koma mphamvu zinali zitatha."

Shehe anaika singano pambali.

"Che Likwanya, munthu amene akutsirizika atayamba kulankhula, mungamugwire pakamwa?"

"Astaghfirullah! Nkhanza zoterozo angachite ndani?"

Atangotero, Che Likwanya anayang'ana zikhatho zawo zimene zinali pamaondo, ndipo anamvetsa. Pamanda sanagwetse msozi, anthu mpaka anawayamikira kulimba mtima. Apa analira mokweza, osasamala za odutsa mumsewu.

Atatonthola anasendera pafupi.

"Ndamva kuti inu mukuphunzira chinenero chimenechi. Chonde, ndiuzeni chimene ankanena."

Anakweza manja kuti atsanzire. Zala zinangoima m'malere. Anayesa uku, anayesa uku, koma panalibe chimene anasunga, chifukwa nthawi ija sankayang'ana kuti amve, ankayang'ana kuti agwire.

"Ine ndine wophunzira wadzulodzulo," anatero shehe. "Amandiphunzitsa ndi telala wina wosamva wa pamsika, ndipo amandiseka kuti manja anga ndi achibwibwi. Ndinayamba mochedwa, nditalalikira zaka zambiri kwa anthu amene ankangoona milomo yanga ikuyenda. Koma ngakhale ndikanakhala katswiri, pa zimene mwandionetsazi palibe chomasulira. Sindikunamizani kuti ndikutonthozeni."

"Ndiye mwana wanga watayika?"

"Ayi. Za kwa Allah musade nkhawa. Amene analenga lilime ndi yemweyo analenga zala, ndipo Iye sasowa womasulira. Sufiyani ndinkamuona pamzere wa mapemphero a swala kuyambira ali mwana. Ngati inali shahada, inafika musanamugwire, ndipo chifundo cha Allah n'chachikulu kuposa mantha anu. Koma mwanena nokha kuti maso ake anali pa inu. Ngati mawuwo anali a bambo ake, amenewo apita naye kumanda, ndipo palibe shehe amene angakubwezereni. Anzake ali moyo, Che Likwanya. Pitani akakuphunzitseni, kuti wina akadzakwezanso manja pamaso panu, mudzamusiye amalize."