Madesiki a Mayi Mzere

Tsiku limene Mayi Mzere analowa koyamba m'kalasi ya ana a ulumali wosiyanasiyana, anaima pakhomo n'kugwira m'chiuno. Dzinalo anawapatsa ndi aphunzitsi anzawo, chifukwa kwa iwo chinthu chopendekeka chinali ngati chitsotso m'diso. Ndiye apa anapeza madesiki atazungulira ngati mwezi wongotuluka kumene, tebulo la mphunzitsi lili kukhoma loyang'anizana ndi mazenera, kutali ndi kamphepo.

Bambo amene ankaphunzitsa kalasiyo anali atangopuma ntchito. Anatumiza uthenga kuti akhoza kubwera kudzafotokoza chifukwa chake chinthu chilichonse chinali pamene chinali. Mayi Mzere anathokoza mwaulemu koma anati asavutike, choko sanayambe kuchigwira dzulo. Loweruka la sabata yomweyo anakoka madesiki onse n'kuwandandalika m'mizere yoongoka, tebulo lawo n'kuliika patsogolo pa zenera lalikulu. Ahedi atasuzumira anayamikira kuti tsopano chipindacho chaoneka ngati sukulu.

M'kalasimo munali mtsikana wosamva amene anzake ankamutcha Kamaso, poti maso ake ndiwo anali makutu ake. Mawu ankawatola pamilomo ya anthu. Kale ankaona nkhope ya mnzake aliyense akamayankha, ndipo kuwala kwa pazenera kunkagwa pakamwa pa mphunzitsi. Tsopano, popeza anali wamtali, anamukhazika kumbuyo. Kutsogolo kwake kunali misana ndi nkhongo zokhazokha. Aphunzitsi akaima pazenera, dzuwa lili kumbuyo kwawo, nkhope yawo inkangoti bii ngati chithunzithunzi.

Poyamba Kamaso ankadzuka n'kusendera kutsogolo, koma ankabwezedwa ndi chala. Tsiku lina anakoka desiki yake n'kuitulutsa mumzere, ndipo anapatsidwa chilango chosesa. Kenaka anangosiya. Ankakhala phee, akukanda tizilembo topanda tanthauzo kumapeto kwa kope, ndipo dzanja lake, lomwe kale linkayamba kukwera funso lisanathe, linazolowera kugona pamwendo.

Amayi ake, omwe ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina, anasiya makina tsiku lina n'kupita kusukulu. Anayamba kufotokoza kuti mwanayo akudandaula kuti sakuona bwino, koma Mayi Mzere anawadula pakamwa.

“Mayi, maso ake ndi abwinobwino. Vuto ndi mwano. Ana otere mukawasasatitsa amakukwerani pamutu.”

Amayiwo anameza mawu otsalawo n'kubwerera.

Teremu itatha, Kamaso analephera pafupifupi phunziro lililonse. Bambo ake, amene kuyambira kale ankati kuphunzitsa mwana wosamva n'kutunga madzi ndi dengu, anapeza pogwira. Anamutumiza kutali kwa azakhali ake kuti azikalera khanda.

Sukulu itatsegulidwa, aphunzitsi akale aja anadutsa kudzalonjera ana. Anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kumene kunali Kamaso. Atamva nkhani yonse sanakalipe. Anangopempha Mayi Mzere kuti akhale pa desiki ya mtsikanayo, iwo n'kukaima pazenera, n'kuyamba kugwedeza milomo osatulutsa mawu.

“Ndanena chiyani, mayi?”

“Ngakhale pakamwa panu sindikupaona,” anayankha Mayi Mzere.

“Mwanayo wakhala akumva zomwezo teremu yonse.”

Madzulo a tsikulo Mayi Mzere anabwezera madesiki mmene analili, tebulo n'kulikokera kukhoma kuja, thukuta ndi misozi zikutsikira pamodzi. Atatha anapita pakhonde la sitolo lija. Amayi a Kamaso anawapatsa kampando, koma phazi silinachoke pa makina. Anamvetsera kupepesa konse mpaka kumapeto, ndiyeno anadula ulusi ndi mano.

“Zimenezo ndi zomwe ndinabwera kudzakuuzani, aphunzitsi. Mawu anga munawayesa mphepo. Ndinalimbana ndi bambo ake kuyambira mwanayu ali kumsana kuti adzaphunzire. Lero ndikawauza chiyani?”

Mayi Mzere anakawonana ndi bambo a Kamaso, ndipo anapitanso kachiwiri. Bambowo anawalandira bwino, koma anati mwanayo wazolowera kale kwa azakhali ake, ndipo mtima wawo sungapirire kumuonanso akubwera kunyumba atawerama tsiku ndi tsiku. Kamaso sanabwerere.

Ana otsalawo zinawayendera bwino chaka chimenecho, ndipo makolo anayamikira. Koma mayamiko amenewo ankawawa m'kamwa mwa Mayi Mzere, pokumbukira kuti munthu wodziwa anadzipereka yekha, wina anachita kuyenda mtunda kudzawauza, iwo n'kutseka makutu. Ichi ndicho akuluakulu anaona pamene anati safunsa anadya phula.