Makina Opalasa a Ndime Yachitatu

M'shedi ya matelala, kuseri kwa msika, munali mlembi wa bungwe yemwe anzake ankangowatchula kuti a Ndime. Kabuku ka malamulo a bungwelo sikankachoka m'thumba lawo la pamtima. Pa wailesi akamakangana za malamulo oyendetsera dziko, iwo ankamenya tebulo: "Zolembedwa n'zolembedwa basi! Enawa akungothira mchere."

Tsiku lina mlamu wawo wamkazi anabwera ndi makina osokera amagetsi kudzapempha malo a pazenera, omwe analibe mwini. A Ndime anatsegula kabuku.

"Pepani alamu. Ndime yachitatu ikuti membala ndi munthu wosoka ndi makina opalasa. Anuwa mupalasa pati?"

"Alamu, ngakhale ine?"

"Lamulo lilibe mlamu."

Mayiyo anasenza makina ake nabwerera. Pakona, mkulu wina wosoka mabatani, yemwe analemba nawo kabukuko kalekale, anatsokomola kawiri konse. A Ndime sanacheuke n'komwe.

Posakhalitsa bondo lawo linatupa, dokotala n'kuwaletsa kupalasa. Ndiye mayunifolomu ali mulu, sukulu zikutsegulidwa Lolemba! Anabwereka makina amagetsi a mwana wawo, n'kuwaphimba ndi nsalu. Koma makina amabisika? Atangolira, onse m'shedimo anacheuka.

Wapampando wa bungwelo anatambasula dzanja. "Tatibwerekani kabuku kaja, a mlembi. Tione ndime yachitatu."

A Ndime anachita mantha enieni. Malo amenewo anakhalapo zaka makumi awiri, ndipo ana awo ankadyera pomwepo. Kwa nthawi yoyamba anatembenukira kukona kuja.

"Bambo, kodi polemba kuti opalasa munkafuna kunena chiyani?"

Mkuluyo anaseka mpaka singano kugwa. "Iwe, nthawi imeneyo magetsi tikanawaona kuti? Tinkangoletsa ogulitsa zovala zosokasoka kuti asatilande shedi. Tsiku lija ndinatsokomola mpaka kukhosi kuwawa, iwe maso ali pa pepala."

Onse anafa ndi phwete. Anagamula kuti a Ndime akhale, koma akatenge okha mlamu wawo. Masana omwewo anaoneka mumsewu akutsimphina, makina a mayi uja ali pa wilibala, mwini wake ali pambuyo kufunsa mokweza kuti msika wonse umve: "Alamu, yokankha wilibalayi ndi ndime yachingati?"

Uchi unali pomwepo pakona, kwa mkulu uja, zaka zonsezi, kungosowa womufunsa. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.