Dzina Lakutsogolo

Kalekale ndithu, makompyuta asanachuluke m'makoleji, panali ophunzira atatu a chaka chomaliza: Ndaziona, Akuzike ndi Sautso. Mphunzitsi wawo, Mayi Mlenga, anawapatsa kafukufuku mmodzi: n'chifukwa chiyani amayi a m'midzi ina ya kuchigwa amasiya mjigo n'kukatunga madzi kumtsinje wa ng'ona?

Akuzike anatha mwezi wathunthu m'laibulale. Ndiye anatulukira kuti onse amene analembapo kale za nkhaniyi ankafunsa abambo a m'makomiti a mijigo, osati otunga madziwo. Anakonza mafunso, nalembanso kalata imene inawapezera chilolezo chofunsa anthu.

Ndaziona ananyamula mafunsowo n'kupita kumidziko. Masiku oyamba amayi ankangomuyankha kuti "eya" kapena "ayi", maso ali pansi. Anabweza mapepala m'chikwama, nasenza ndowa, n'kumapita nawo kudooko masabata asanu. Kumeneko ndi kumene anamuuza zoona: madzi a pamjigo ndi amchere, nyemba sizipsa, sopo sachita thovu, ndipo akomiti safuna kumva zimenezo. Anabwerako ndi makope atatu odzaza, malungo ali m'thupi.

Sautso sanapondeko kumudzi. Koma zimene awiriwo analemba Mayi Mlenga anazibweza kawiri, tsamba lililonse lili psuu ndi inki. Sautso anasanja mfundo zonse mwatsopano. Anapezanso ndime ziwiri zimene Akuzike anakopera m'buku osatchula mwini wake, mlandu umene ukanachotsetsa sukulu onse atatu, ndipo anazikonza.

Ntchito itavomerezedwa, Mayi Mlenga anawaitana.

"Pepala lanu lisindikizidwa," anatero. "Mundibweretsere maina m'ndondomeko yake pofika Lachisanu. Koma dziwani mwambo wake: potchula ntchito ya anthu atatu, olemba amatchula woyamba yekha. Enawo amangoti 'ndi anzake'. Woyambayo ndiyenso amene koleji idzamutumize kukapitiriza maphunziro."

Atangotuluka, Akuzike anati, "Apa palibe nkhani. Funso linali langa."

Ndaziona anatembenukira kwa Akuzike. Anakumbukira khosi lotupa ndi ndowa, ndiponso mayi amene anamuonetsa mwendo wolumidwa ndi ng'ona.

"Funso lako liti?" anatero. "Lija amayi ankaliyankha akuyang'ana pansi? Ndiwe wakuba ndime iwe, ukhale chete."

"Chemwali, makope anu aja ndani akanawawerenga?" anafunsa Sautso modekha. "Munabweretsa chimanga, wokonola ndine."

Ndaziona anati, "Wokonola amadya nkhokwe yonse? Ng'ona umaidziwa iwe, kapena unangoilemba?"

"Popanda kalata yanga ukanakafunsa mbuzi," Akuzike anabweza.

Lachisanu analowa mu ofesi ndi mapepala atatu, aliyense dzina lake lili pamwamba. Ndaziona anaika lake patebulo.

"Madamu, weruzani ndinu."

Mayi Mlenga anawakankhira mapepalawo. "Ine sindinali m'laibulale, sindinali kudooko, ndipo sindinagwire cholembera chanu. Mukapanda kugwirizana lero, pepala la kafukufuku wanu lilowa m'kabati, ndipo amayi aja apitiriza kutunga kumtsinje popanda wodziwa chifukwa."

Atatuwo anaima pakhonde, osayang'anana, dzuwa likupendeka.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, gamulani: pakati pa amene anapeza funso, amene anakatenga yankho, ndi amene analipatsa mawu, ndani atsogole, ndipo ndi ati amezedwe m'mawu oti "ndi anzake"?