Wodikira Foni pa Chulu

Kunali mwamuna wina, anatero a Kachingwe, mkulu wa mpingo wathu, pa mapemphero a Lachinayi. Ndikulemba monga ananenera, ndipo Mulungu andithandize ndisawonjezepo.

Mwamunayo anaphunzira za ulimi ku koleji, koma anakhala pakhomo zaka zinayi wopanda ntchito. Chaka chachisanu boma linalengeza kuti likufuna alangizi a zaulimi. Iye anabwereka jekete, napita ku boma kukayankha mafunso. Anayankha bwino. Potuluka, mmodzi wa ofunsa aja anamuuza kuti, "Foni yanu isamazime. Tikuimbirani."

Tsono kumudzi kwawo netiweki sinkagwira. Inkagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu chachikulu chimene chinali m'munda wa mayi wina wamasiye, m'mbali mwa msewu. Munda wa mwamunayo unali kutali kuchigwa, kumene foni sinkalira konse. Ndiye anaganiza motere: a boma amalowa ntchito m'mawa, amaweruka madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Nayenso anayamba kutero. M'mawa uliwonse ankasamba, kuvala malaya oyera, n'kukakhala pa chulu, foni ili m'manja. Loweruka ankayenda ulendo wa kumsika kukaitchajitsa.

Unali mwezi wa Okutobala, anthu akugalauza mizere. Odutsa pamsewu ankamukuwira kuti, "Alangizi, mwadzuka bwanji? Lero mukulangiza chiswe?"

Iye ankaseka nawo. "Sekani lero. Mawa mudzandiona pa njinga yamoto ya boma."

Mkazi wake anali ndi pakati, miyendo itatupa. Anapita kuchigwa yekha, anapanga mizere yochepa, natopa.

Mvula yobzalira inagwa Lachiwiri. Lachitatu m'mawa mkaziyo anafika pa chulu, khasu paphewa, mbewu atazimanga m'chitenje.

"Bambo a Ndaziona, nthaka yanyowa. Tsikani, masiku atatu okha. Ine kuwerama sindikutha."

"Nanga akaimba ine ndili kuchigwa?"

"Ndisiyireni foniyo. Ndikhala pano ine, inu mukabzale."

"Inu mukayankha chiyani, mayi? Anthu aja amayamba ndi Chingerezi. Akamva mawu achilendo adula, apita pa dzina lotsatira. Tinalipo anthu mazana awiri."

Mkaziyo anaika khasu patsinde pa chulu, nabwerera pang'onopang'ono atagwira m'chiuno. Mwamunayo anayang'ana khasu, nayang'ana foni. Sanatsike.

Tsiku lomwelo mayi wamasiye uja anabzala munda wake wonse, mpaka m'mphepete mwa chulu, pakuti dothi la pachulu ndi lachonde. Chimanga chinamera momuzungulira mwamunayo. Chinafika m'mawondo, chinafika pachifuwa, chinamasula ngayaye. Odutsa pamsewu sankamuonanso, ndipo anasiya kumuseka. Anangomuiwala.

Miyezi yonseyo foni inalira kawiri. Koyamba anali munthu wolakwitsa nambala. Kachiwiri anali mwini jekete.

Mu Febuluwale anapita ku boma kukafunsa. Mlonda wa pa geti anamuuza kuti, "Mayina sanatuluke, bambo. Muzingodikira."

"Mpaka liti?"

"Ndikadadziwa ndikadakuuzani."

Anabwerera ku chulu, chifukwa munthu amene wadikira miyezi isanu amaopa kuti akachoka lero, lero lomwelo ndiye aimba.

Nthawi yokolola, mizere yochepa ya kuchigwa ija, imene mkaziyo anabzala yekha, inatulutsa madengu awiri. Mkaziyo, khanda lili kumsana, anakapempha ganyu yodula chimanga kwa mayi wamasiye. Anadula mzere ndi mzere, akuimika mikukwe, mpaka chulu chinaonekera. Pamwamba pake panali mwamuna wake, malaya aja atafiira ndi fumbi. Khasu linali pomwe analisiya. Mkaziyo anawerama kuti alitole, mpini unanyenyeka m'manja mwake. Chiswe chinali chitaudya.

"Aimba, bambo a Ndaziona?"

"Mwina mawa."

Apa a Kachingwe anamaliza nkhaniyo. M'tchalitchi munali achinyamata ambiri, ndipo palibe anaseka. Kenaka anati:

"Ana anga, musamuweruze munthu uyu. Anaphunzira movutikira, ndipo chimene ankafuna sichinali choipa. Ine sindingakulonjezeni kuti foni zanu zidzalira. Wanga mwana chino ndi chaka chachitatu akudikira, ndipo ndimapemphera mpaka mawu kundithera. Koma dziwani ichi. Amene anakuuzani kuti 'tikuimbirani' mwina anaiwala nkhope yanu musanatuluke pa geti. Amene wakubweretserani khasu, ameneyo adzagona ndi njala pamodzi ndi inu. Tsiku limene adzaime patsinde pa chulu chanu n'kunena kuti nthaka yanyowa, mupatseni foniyo, mutsike."