Inki Yofiira m'Makope a Bambo Jailosi

Kwa Mponda, m'mbali mwa njira ya kumsika, a Jailosi ankamata machubu a njinga. Wowaona manja ali bii ndi girisi sakanaganiza kuti kwawo ku Mozambique, nkhondo isanawapirikitse mu 1987, anali mphunzitsi wovuliridwa chipewa. Makasitomala akachepa ankapukuta manja n'kutulutsa kope. M'menemo ankalemba m'Chinyanja za mudzi wawo umene unatenthedwa: mayina a onse amene anatsala m'njira ndi mmene aliyense anafera, kuphatikizapo mwana wawo Lusia.

Makope atakwana asanu, a Sumani, kalaliki wopuma ntchito amene ankakonzetsa njinga pomwepo, anawalangiza kuti, "Achimwene, mbewu siimera ili m'thumba. Nayi keyala ya kampani ina yosindikiza mabuku ku Blantyre. Tumizani, akaone." A Jailosi anamanga phukusi n'kukaponya ku positi.

Patatha miyezi inayi phukusilo linabwerera. Atamasula, mtima unagwa: tsamba lililonse linali psuu ndi inki yofiira, apa mzere, apo mtanda. Pamwamba panali kalata yotayipa m'Chingerezi, chilankhulo chimene iwo, ophunzira Chipwitikizi, sankachimva. Koma inki yofiira ankaidziwa bwino, poti ndi imene ankalepheretsera ana m'kalasi.

"Bambo, pitani nayo kwa a Sumani akakuwerengereni," anatero akazi awo, a Triza.

"Ndikaime pamaso pa munthu azikandiwerengera kulephera kwanga? Nyumba ndinataya, dziko ndinataya. Ndisiyireni kaulemu katsalaka."

"Nanga mwadziwa bwanji kuti akana?"

"Maso ndili nawo, mayi."

A Jailosi anakulunga makopewo m'chiguduli n'kuwatsomeka kudenga, kalatayo n'kuipinda m'thumba la jekete. A Sumani akafunsa, ankangoyankha maso ali pa chubu kuti, "Sanayankhe." Kuyambira pamenepo sanagwirenso cholembera.

Mu 1993 mtendere utabwerera, othawa nkhondo anayamba kukwera malole kubwerera kwawo. Polongedza katundu, a Triza anatsitsa chiguduli chija. Chinali chopepuka ngati chisa cha mbalame. Chiswe chinali chitadya makope onse, n'kusiya dothi ndi timawaya tolumikizira mapepala.

A Jailosi anasuzumira m'chigudulimo. Kenako anavala jekete n'kupita kwa a Sumani, poti munthu amene akuchoka mawa alibenso woti amuchitire manyazi.

A Sumani anavala magalasi, nawerenga kalatayo kawiri chamumtima. Atavula magalasiwo anati:

"Akuti buku lanu lawakhudza mtima. Akuti mukonze pamene alemba mofiira, kalembedwe ka mawu ndi ndime zobwerezabwereza, mubweze pasanathe miyezi itatu, ndipo asindikiza." A Sumani anayang'ana a Jailosi. "Achimwene, kwa osindikiza mabuku inki yofiira si chitonzo. Buku limene sakulifuna sataya nalo nthawi. Zaka zitatu zonsezi ndimabwera pa ntchito panu. Munalekeranji kundionetsa?"

A Jailosi anatenga kalata ija n'kutuluka.

Atabwerera kunyumba anatenga pepala kuti ayambirenso. Analemba dzina la Lusia, ndi mayina ena khumi ndi anayi, cholembera n'kuima. Nkhope ankaziona bwinobwino: mayi wina wamkanda wobiriwira amene anagwa powoloka mtsinje, nkhalamba ina yosula makasu. Koma mayina awo anali atawasungitsa m'makope, mutu n'kupumula. A Triza anakumbukirako atatu, basi. Enawo anafa kachiwiri tsiku limenelo, popanda wowalira.

M'mawa mwake a Jailosi anakwera lole, kapepala kamodziko kali m'manja. A Sumani, powatsazika, anangogwira dzanja lawo. Akuluakulu anali atanena kale: mbewa ya manyazi inafera kuuna.